Foni imene imatiwerengera ndalama iwerengenso masitepe opaleshoni isanafike

 Lero za mtengo wa kontena ndi za msonkho tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za masabata amene munthu amakhala nawo kuchokera tsiku limene adokotala amuuza kuti ali ndi khansa kufika tsiku limene amulowetsa ku fiyeta. Ine ndimati masabata amenewo ndi mpamba, ndipo palibe anthu amene amaudya molakwika mpamba umenewu kuposa ife ageni.

Munthu wolembedwa ntchito akamva uthenga wotere amatenga kalata ya adokotala n'kukapereka kwa abwana ake, kangachepe kamalowabe. Ife odzilemba tokha ntchito, ndalama ija amati Statutory Sick Pay siitikhudza ayi. Ndiye mutu umathamangira kuti? Ku ndalama basi. Lendi ya kuno, fizi ya ana kumudzi, katundu amene wangokhala m'sitoro ku Lilongwe, chipereganyu chimene sunamalize kuponya. Munthu amati ndigwire usana ndi usiku ndisanagone m'chipatala, kuti ana asadzavutike. Amadyera m'galimoto, tulo maola anayi, fodya amaonjezera chifukwa cha maganizo. Winanso amagula tikiti kuti akaone kaye kumudzi, akalongosole za malo ndi za nyumba. Sindikumunyoza munthu ameneyu, mtima wake ndi wabwino. Koma tsiku la opaleshoni likamakwana, thumba limakhala lili bwinoko, thupi litatheratu.

Amene tinayendapo msewu wa Joni ndi katundu tikudziwa kuti lole saikonzera pa Tete. Umaona matayala, mabuleki ndi oyilo uli ku Blantyre, chifukwa ukangodutsa pa Mwanza kutsogolo kuli Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo ikafera pakatipo uona zakuda. Opaleshoni yaikulu ya khansa ndi ulendo wa mtundu umenewo. Iwe umakhala uli mtulo, koma mtima ndi mapapo zimakhala zikusenza katundu kwa maola ambiri. Ukadzuka ntchito ndiye yangoyamba. Thupi liyenera kupoletsa mabala a m'kati, kulimbana ndi tizilombo, kutsokomola makhololo kuti chibayo chisalowe, ndiponso kudzuka pabedi msanga kuti magazi asaundane m'miyendo. Mphamvu ya zonsezi thupi limaitapa m'minofu imene unalowa nayo m'chipatala. Ngati unalowa wopanda kanthu, litapa kuti?

Achipatala kuno ali nalo dzina la kukonzekera kumeneku, amati prehabilitation, mwachidule prehab. Mu 2019 bungwe la Macmillan pamodzi ndi Royal College of Anaesthetists, limene ndi bungwe la madokotala ogonetsa anthu pa opaleshoni, anatulutsa ndondomeko yake. Mu 2022 boma la Scotland linatulutsanso mfundo zoti zipatala zake zizitsata. Nkhani yake si yovuta kumva. Thupi ligwire ntchito, munthu adye zokwanira, maganizo asamalidwe, fodya ndi mowa zichepe kapena zilekeke, ndipo zonsezi ziyambe chithandizo chisanayambe, osati pambuyo.

Kwa inu amene simugula katundu musanaone risiti, nazi nambala. Ku Barcelona, pa chipatala cha Hospital Clínic, anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2018. Anatenga odwala 125 oyembekezera opaleshoni yaikulu ya m'mimba, onse okalamba kapena a matenda ena, n'kuwagawa pawiri. Mwa amene sanakonzekeretsedwe, 62 pa 100 aliwonse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Mwa amene anachita masewera olimbitsa thupi, 31 pa 100. Theka lenileni. Mu 2023 kunatuluka wina wotchedwa PREHAB, wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Netherlands, wa odwala khansa ya m'matumbo 251. Kukonzekera kwake kunali kwa masabata anayi okha. Zovuta zikuluzikulu zinagwera pafupifupi 30 pa 100 mwa osakonzekera, ndi 17 pa 100 mwa okonzekera. Atakuuzani wina kuti pali njira yoti katundu wowonongeka m'kontena atsike chonchi, ndani wa ife angati ndilibe nthawi?

Koma apa pali poyenera kuwerenga bwino, ngati mmene timawerengera tizilembo ting'onoting'ono ta pa invoisi. Anthu a m'kafukufuku ameneyu sanangopatsidwa foni n'kuuzidwa kuti pitani mukayende. Ankapita ku chipatala kangapo pa sabata, n'kumapalasa njinga ija yosayenda, katswiri ali pambali pawo. Ndiye nambala zimenezi si za app ayi, ndipo aliyense wokugulitsani app n'kumatchula nambala ngati izi akukuikani m'thumba. Komano tinene zoona, ndani mwa ife angatseke geni katatu pa sabata, kukwera mabasi awiri, kukapalasa njinga ola limodzi n'kubwerera? Mayi amene m'mawa ali pa shifiti yosamalira okalamba, masana akulongedza mabokosi opita kumudzi, madzulo akuluka tsitsi, mumuika pa kalasi ya nthawi yanji? Prehab ya ku jimu ndi yabwino zedi, ndipo amene mwapatsidwa mwayi umenewo musaukane. Koma kwa ambiri a ife, kusankha sikukhala pakati pa jimu ndi foni. Kumakhala pakati pa foni ndi kungokhala. Pamenepo ine ndili mbali ya foni.

Nthawi yakenso si yambiri. Ku Scotland mlingo umene a NHS anadziikira ndi woti chithandizo chiyambe pasanathe masiku 31 kuchokera pamene dokotala ndi wodwala agwirizana chochita. Wa khansa ya m'matumbo ndiye kuti akhoza kukhala ndi masabata atatu kapena anayi basi. Ukati udikire kalata yokuitanira ku kalasi, sabata imodzi yapita. Foni umaiyamba madzulo a tsiku lomwelo. Khansa ya kummero, imene kwathu ku Malawi ndi yochuluka kuposa maiko ambiri pa dziko lapansi, njira yake ndi yaitali. Kawirikawiri amayamba ndi kemo ku Beatson, ku Gartnavel kuja, opaleshoni n'kudzachitika patatha miyezi ku Glasgow Royal Infirmary. Miyezi imeneyo kemo amakhala akudya minofu, chakudya chikuvuta kumeza. Amene angokhala pampando kudikira amafika pa opaleshoni ali munthu wina.

Nanga foniyo imachita chiyani chenicheni? Sichiza, sichita masewera m'malo mwako. Ntchito yake ndi ya kope lija timalembamo zolowa ndi zotuluka. Aliyense wa ife anaonapo mnzake amene amati geni ikuyenda bwino, koma osalemba, mpaka tsiku limene wapeza kuti wakhala akudya mpamba miyezi itatu. Thupi ndi chimodzimodzi. Tifunseni ageni ngati timalimbitsa thupi, yankho ndi limodzi: aaa ine ndimakhala chiimire tsiku lonse, jimu ndi ya anthu a mu ofesi. Tsegulani Samsung Health kapena Health ya pa iPhone, imene mwina yakhala ikuwerenga mwakachetechete inu osadziwa, muone. Kuima pa benchi ku Barras kuyambira m'mawa mpaka madzulo kumatopetsa miyendo, inde, koma mtima sunathamange olo mphindi imodzi. Kuyendetsa vani tsiku lonse ndiye kungokhala kumene. Kutopa ndi kulimba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nambala ya pa foni ilibe manyazi okuuza zimenezi.

App imene ine ndimaiona kuti ndi yoyenera poyambira ndi Active 10 ya NHS. Ndi yaulere, ndipo siwerenga masitepe wamba, imawerenga mphindi zimene wayenda mwandawala. Kuzungulira m'shopu posankha katundu siikuwerengerani ngati ndawala ayi. Malangizo a zaumoyo a kuno amati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi 150 pa sabata za ntchito yoti mtima uthamangeko, kuphatikiza masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 zikumveka zambiri, koma ndi mphindi khumi kawiri kapena katatu pa tsiku. Muyeso wa liwiro ndi wosavuta. Uziyenda moti ukhoza kuyankhula koma sungathe kuyimba. Ngati ukutha kuyimba nyimbo ya kwaya yonse bwinobwino, ukungoyenda ngati wopita kukaona munda.

Za minofu sizifuna zitsulo. Khalani pampando, imirirani osagwira ndi manja, khalaninso, muwerenge kuti mukwanitsa kangati pa masekondi 30. Achipatala nawonso amayesa anthu mwanjira yomweyi. Lembani nambalayo m'foni Lolemba lililonse. Amene tikukhala m'nyumba zakale za Glasgow zopanda lifiti, zimene timazitukwana tikamakweza mabokosi, jimu tili nayo pakhomo. Thumba la mpunga la makilo asanu ndi chitsulo chokwanira kwa woyamba.

Wina ati nanga nyengo? Zoona, mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mvula ya Glasgow simapangana nayo. Tsiku labwino kuli Glasgow Green, Pollok, Kelvingrove, Queen's Park. Tsiku loipa kuli Silverburn ndi Braehead, kofunda, kowala, pansi posaterera, mabenchi opumirapo ali ponseponse. Ife timalowamo kukasaka zotsika mtengo, ndiye palibe chachilendo kulowamo kukazungulira kawiri chikwama chili kunyumba. Foni siidziwa ngati uli m'paki kapena m'shopu.

Tsopano pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi apa, chifukwa foni yomweyo ikhoza kukupwetekani. Ma app ambiri olimbitsa thupi anapangidwira anthu athanzi ofuna kuchepetsa mimba. Ukangolowa amakufunsa kuti ukufuna kutaya makilo angati, kenako amayamba kukuwerengera chakudya, n'kumakuombera m'manja sikelo ikatsika. Kwa munthu wa khansa woyembekezera opaleshoni, zimenezo ndi chikomekome cha nkhuyu. Kutsika thupi osafuna ndi chinthu chimene madokotala amachiopa, chifukwa chimene chimapita si mafuta okha, ndi minofu yomwe ija. Ngakhale munthu wonenepa akhoza kukhala wopanda minofu m'kati. Ndiye sikelo ikamatsika, si nthawi yosangalala, ndi nthawi yoimbira nesi wanu wa khansa kuti akulumikizeni ndi katswiri wa zakudya. Thupi likufuna zomanga: mazira, nsomba, nkhuku, nyemba, mtedza, mkaka, yogati. Nsima ndi masamba okha sizikwana pa nthawi imeneyi. Ngati kumeza kukuvuta, phala lothira nsinjiro ndi mkaka, pang'onopang'ono koma kambirimbiri, ndipo achipatala ali ndi zakumwa zapadera zimene amalembera. Kuno ku Scotland mankhwala olemberedwa ndi dokotala ndi aulere kuyambira 2011.

Pa foni yomweyo ndi pamene pamadutsanso mauthenga aja otumizirana. Akuti shuga ndiye amadyetsa khansa, siyani kudya muiphe ndi njala. Akuti imwani madzi a mandimu okha masiku makumi awiri. Akuti pali ufa wa mizu wochokera uku ndi uku, tumizani ndalama. Abale anga, ogulitsa ndife, timadziwa mmene mawu otsatsira malonda amamvekera. Khansa siifa ndi njala munthu asanafooke. Ndipo mankhwala ena azitsamba amasokoneza kemo, ena amachititsa kuti magazi asaundane msanga pa opaleshoni, ndiye chilichonse chimene mukumwa, chochokera kumudzi kapena cha pa intaneti, auzeni adokotala. Za kusala kudya ndinena mwaulemu, poti inenso ndine wopemphera. Pemphero ndi kuyenda sizilimbana. Koma ngati pakufunika kusala, asale a mumpingo m'malo mwa wodwalayo, iye azidya. Abusa anzeru amanena okha zimenezi.

Chinanso ndi nambala ija ya masitepe 10,000 imene mafoni ambiri amaikonda. Inatchuka kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera masitepe. Ndi nambala ya otsatsa malonda ngati ife tomwe. Munthu amene ali pa kemo, kapena amene magazi ake ndi ochepa, asadzione wolephera chifukwa foni yamuonetsa kabwalo kosadzaza. Woyenera kupikisana naye ndi iwe wa sabata yatha. Ngati unkayenda masitepe 3,000, sabata ino yesa kuonjezera mazana angapo. Ndipo musanayambe, funsani dokotala kapena nesi wanu kuti kwa ine choyenera ndi chiti, makamaka ngati muli ndi vuto la mtima kapena khansa yakhudza mafupa. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, befu losadziwika bwino, kapena mwendo umodzi watupa, imani, muimbe foni kuchipatala. Thupi likatentha muli pa kemo, imbani nambala imene anakupatsani nthawi yomweyo, usiku kapena usana. App siidziwa zonsezi, imangoti pitirizani, mwatsala pang'ono.

Pali zambiri zimene foni singaone. Singaone kuti magazi ndi ochepa, chinthu chofala kwa odwala khansa ya m'matumbo, chimene achipatala amatha kukonza ndi ayironi wa mu diripi opaleshoni isanafike. Singaone kuti shuga wakwera kapena BP yasokonekera. Pa maopaleshoni ena aakulu amakukweza pa njinga atakuveka chophimba kukamwa, kuti ayeze mmene mtima ndi mapapo zikugwirira ntchito, ndipo zotsatira zake zimathandiza kusankha mmene akusamalirire. Masiku oterowo si odumpha chifukwa kontena ikutsekedwa. Koma taonani ubwino wake wa kope lija. Adokotala akafunsa kuti mumayenda bwanji, Mmalawi amayankha kuti bwinobwino, ngakhale akukwawa. Tinaleredwa choncho. Ukatulutsa foni n'kuonetsa masabata atatu a nambala, kukambirana kumakhala kwina. Ndipo amene Chingerezi cha ku Glasgow chimakuthamangirani, musachite manyazi, chimatithamangira tonse. Womasulira ku NHS ndi waulere, mungopempha nthawi ilipo.

Za fodya sindichulutsa. Kusiya masabata anayi opaleshoni isanachitike kumachepetsa zovuta za m'mapapo ndi za mabala, ndipo ngakhale masiku ochepa ali ndi phindu lake. Kuno kuli chithandizo chaulere cha Quit Your Way, ndipo ku famase ya pafupi nanu akhoza kukuyambitsani. Mowa, amene mumamwa tsiku ndi tsiku auzeni achipatala zoona zake, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kulinso ndi zoopsa zake.

Pali mayi wina amene timagawana naye kontena. Anamupeza ndi khansa ya m'matumbo, ndipo anandilola kunena izi bola osamutchula. Sabata yoyamba sanauze munthu, anangoonjezera mashifiti. Amene anaulula ndi mwana wake wamkazi, atamuuza mnzake wa mayiyo kutchalitchi. Azimayi anayi anapanga kagulu ka WhatsApp. Lamulo linali limodzi, madzulo aliwonse aliyense atumize chithunzi cha masitepe ake, osati wodwala yekha, onse. Wina ankamudikira pa siteji ya basi kuti atsike masiteji awiri asanafike kunyumba, ayende limodzi. Wina anatenga makasitomala ake a Loweruka n'kumamupatsira ndalama zake zonse. Mayiyo anandiuza kuti masiku ena sankafuna n'komwe kudzuka, koma ankaganiza kuti madzulo nditumiza chiyani, anzanga aziti bwanji. Opaleshoni anachita ndi madokotala, osati foni, ndipo ulemu upite kwa iwo. Koma m'mawa mwake atamuuza kuti adzuke ayende m'khonde la wodi, miyendo inali ikudziwa kale ntchito yake. Pano wabwerera pa geni, ndipo mitengo akutivuta nayo ngati kale.

Mukaiona bwino nkhani imeneyi, app yowerenga masitepe inachita gawo laling'ono. Imene inagwira ntchito yaikulu ndi WhatsApp, kutanthauza anthu. Tonse tili ndi ma app m'mafoni mwathu amene tinawatsegula masiku atatu n'kuwaiwala. Foni ikakukumbutsa umangoikankha ndi chala. Mnzako akaima pakhomo ndi ambulera, sungamukankhe. Ndiye vuto lathu lalikulu si kusowa app ayi, ndi chinsinsi. Khansa timaibisa ngati ngongole. Timaopa kuti makasitomala athawa, kuti a chipereganyu ayamba kutiwerengera masiku, kuti kumudzi akamva ayamba kulira tili moyo kapena kuloza zala achibale. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo ena a ife ndi pakamwa pathu ndi amene tinawabzala. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Simukuyenera kulengeza m'gulu muno. Anthu awiri kapena atatu odziwa kusunga pakamwa akwana.

Amene simukufuna kuyambira kwa Amalawi anzanu, pitani ku Maggie's, pa Gartnavel pomwepo pafupi ndi Beatson. Ndi nyumba yoti umangolowa, osalipira, osapangana tsiku, wodwala kapena wachibale. Amakhala ndi makalasi a prehab a anthu amene angouzidwa kumene. Za ndalama, zimene ndi zomwe zimatisowetsa tulo, ku Glasgow kuli chithandizo chotchedwa Improving the Cancer Journey, chimene chinayamba mu 2014, chothandiza pa nkhani za lendi, nyumba ndi zimene munthu ali woyenera kulandira malinga ndi mapepala ake. Kufunsa sikulipiritsa.

Tsono ife ngati gulu. Tikamva kuti mnzathu watisiya, sipatha maola awiri mndandanda wa zopereka utayamba. Mapaundi masauzande timasonkha kuti thupi likwere ndege kupita ku Chileka kapena ku Lumbadzi, ndipo ndi chinthu chonyaditsa, sindikuchinyoza. Funso langa ndi lakuti, bwanji dzanja lomwelo limauma munthu akadali moyo, pamene ndalama yochepa chabe ikanasintha zinthu? Lendi ya mwezi umodzi kwa munthu woyembekezera opaleshoni ndi masabata anayi a tulo tokwanira, chakudya chophika bwino ndi nthawi yoyenda. Ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi bokosi. Ndikupempha ma admin kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zoti thumba lathu la maliro likhale ndi kachigawo ka odwala oyembekezera chithandizo chachikulu. Ndipo si ndalama zokha. Wina atenge maoda ake, wina amuperekezere mabokosi ku depoti, wina akhale woyenda naye Lachiwiri ndi Lachinayi. Makasitomala ake ndi ake, tikuwasunga, sitikulanda. Pamenepa ndiye padzaoneke ngati ndife gulu kapena ndife anthu ongogawana nambala za ma ejenti.

Za ulendo wa kumudzi uja, maganizo anga ndi akuti udikire. Ndikudziwa kuti ena mundida nazo. Koma masabata awiri ku Malawi ndi theka la mpamba wonse, osawerengera masiku a kuchipatala amene uphonye. Khansa payokha imaonjezera chiopsezo choti magazi aundane, ndiye kuonjezapo maola ambirimbiri chikhalire m'ndege si nkhani yongoganiza wekha, ndi yofunsa adokotala. Zolongosola zambiri zimatheka pa foni ndi pa kalata. Amayi akhoza kukupemphererani pa vidiyo, inu mukuyenda.

Pa nkhani yolipira, musathamangire. Ma app ena amakupatsa sabata yaulere kenako n'kumadula khadi mwezi ndi mwezi, ndipo wotchi ya mapaundi mazana atatu siyenda m'malo mwa munthu. Foni ili m'thumba la buluku kapena la jekete imawerenga mokwanira, bola isakhale m'chikwama chimene mwasiya pa benchi. Ngati chipatala chanu chili ndi app yakeyake imene nesi kapena katswiri wa mafizo amaona nambala zanu n'kumakuimbirani, imeneyo ndiye yoposa onse, ifunseni. Koma app yosadziwika yofuna kuti mulembemo dzina la matenda anu, mankhwala anu ndi adiresi, dzifunseni kuti katunduyo akupita kwa ndani. Chaulere pa intaneti chimakhala ndi pomwe chikudyera.

Ambiri a ife amene tidzakumane ndi nkhaniyi sitidzakhala odwala, tidzakhala otumiza ndalama. Bambo kapena achemwali akudikira opaleshoni ku Queens kapena ku Kamuzu Central, ife tili kuno tikungofunsa kuti adokotala akuti bwanji. Kwathu munthu akadwala timamuyalira mphasa, timamuletsa ngakhale kutunga madzi akumwa, ndipo timati ndiko kusamala. Ngati achipatala sanaletse, muuzeni womudwazika kuti aziyenda naye m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndi madzulo. Pa ndalama imene mukutumiza, nenani poyera kuti iyi ndi ya mazira, usipa, soya ndi nsinjiro za wodwala, isalowe ku zina. Mafoni amene timawatumizira aja ambiri amatha kuwerenga masitepe popanda bandulo, bandulo imangofunika potumiza chithunzicho. Mdzukulu wa Fomu 2 akhoza kuikonza pa mphindi zisanu.

Amene mwakwanitsa zaka 50 ndipo munalembetsa kwa GP kuno ku Scotland, kamabwera kabokosi pa positi koyezera khansa ya m'matumbo, zaka ziwiri zilizonse mpaka zaka 74. Ndikudziwa nyumba zingapo zimene kabokosi kameneka kali pamwamba pa firiji limodzi ndi makalata a khonsolo. Katsitseni sabata ino. Ndipo amene mukufuna kuyamba nawo kuyenda, odwala ndi osadwala omwe, ena a ife tizikumana Lamlungu lililonse 3 koloko pa chipata cha Glasgow Green cha ku Saltmarket. Mubwere ndi jekete ya mvula ndi foni yotchaja.